Chenjezo kwa onse akumwa Brufen: musapitirire 1,200 mg pa tsiku, ndipo si wa aliyense

Ngati muli ndi Brufen m'nyumba, m'chikwama kapena pa shelefu ya okala yanu, imvani izi musanamwe kapena kugulitsa m'bulu wina. Munthu wamkulu amene wadzigulira yekha mankhwalawa, osachita kulemberedwa ndi dokotala, asamwe opitirira 1,200 mg pa maola 24. Mibulu ikakhala ya 200 mg, malire ake ndi 6, kuwerengera usana ndi usiku womwe. Ikakhala ya 400 mg, malire ndi 3. Pa nthawi imodzi imwani 200 mg kapena 400 mg basi. Mukamwa 400 mg dikirani maola 6 musanabwereze, mukamwa 200 mg padutse maola osachepera 4. Ululu ukafika masiku 10 usakusintha, lekani kugula, kaonaneni ndi achipatala. Kutentha thupi kokha musakuwerengere masiku: kuno kwathu thupi likatentha, magazi akayezedwe malungo tsiku lomwelo.

Pali anthu amene sayenera kumwa ngakhale m'bulu umodzi asanafunse kuchipatala. Mayi woyembekezera. Munthu amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena anasanzapo magazi. Wodwala impso, mtima kapena chiwindi. Aliyense amene akutsekula m'mimba kapena kusanza. Mwana wodwala katsabola, ndiponso khanda losakwana miyezi 3. Ngati ndinu mmodzi wa amenewa ndipo mulibe nthawi yowerenga mpaka pansi, zimenezi zokha zikukwanirani lero.

Brufen ndi dzina la malonda chabe, lomwe ambiri timangoti bufeni. Mankhwala ake enieni ndi ibuprofen, ndipo dzina limeneli ndi lomwe muziyang'ana pa paketi, nthawi zambiri lolembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono. Abale akakutumizirani Nurofen kuchokera ku Johannesburg kapena ku London, kaya Advil wa ku America, dziwani kuti ndi yemweyo wangosintha dzina. Mukamwa Nurofen m'mawa, bufeni wa pa okala masana, mwamwa mankhwala amodzi kawiri, ndipo zonse zilowe m'chiwerengero cha 1,200 mg chija.

Sindikuti mankhwalawa ndi oipa ayi. Stewart Adams ndi John Nicholson anawapanga ku kampani ya Boots mumzinda wa Nottingham pofunafuna chothandiza odwala nyamakazi chosapweteka m'mimba kwambiri monga aspirin. Anayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1969, koma pokhapokha dokotala atalemba. Panatha zaka 14 boma la kumeneko lisanalole, mu 1983, kuti munthu azigula yekha, ndipo linalola pa mlingo wochepa wokha. Lero ibuprofen ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO. Pa dzino lowawa, bondo lotupa, phazi lobinya, kapena m'mimba mopota pa nthawi ya msambo, amagwira ntchito bwino kwambiri, kawirikawiri kuposa Panado. Ubwino wakewo ndi umene watipusitsa. Tamuzolowera mpaka taiwala kuti ali ndi malire.

Taonani mmene timagulira. Munthu amafika pa okala kapena kwa wogulitsa m'basi nkunena kuti, "Mundipatseko apinki aja awiri." Wogulitsa amadula kachidutswa ka paketi ndi lumo, nthawi zina amachita kutsanula mibulu m'chibotolo nkukulunga m'kapepala. Dzina ladulidwa pakati, mlingo sukuoneka, tsiku lothera mphamvu latsala pa chidutswa china. Wogulayo anazolowera kuti Panado timamwa awiriawiri, ndiye awanso ameza awiri. Ngati anali a 400 mg, wamwa 800 mg nthawi imodzi. Akatero m'mawa, masana ndi madzulo wafika 2,400 mg, kuwirikiza kawiri malire, iye akuganiza kuti wangotsata mwambo wa katatu pa tsiku.

Chomvetsa chisoni nchakuti kuwonjezerako sikumupindulira kanthu. Mu 2019 madokotala a pa chipatala china ku Brooklyn, mumzinda wa New York, anagawa odwala 225 obwera ndi ululu m'magulu atatu. Ena anawapatsa 400 mg, ena 600 mg, ena 800 mg. Patatha ola limodzi ululu unatsika mofanana m'magulu onse. Mphamvu yothetsa ululu imafika pamapeto cha pa 400 mg, koma mphamvu yowononga chifu ndi impso imakwerabe mlingo ukamakwera. Nzoona kuti madokotala nthawi zina amalemba mpaka 2,400 mg pa tsiku kwa odwala nyamakazi yotupitsa mfundo, koma amatero atamuyeza munthuyo, akudziwa mankhwala ena amene akumwa, ndipo kawirikawiri amawonjezera omeprazole woteteza chifu. Mlingo umene analembera malume anu si wanu.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa chomwe m'buluwo umachita ukalowa m'magazi. Thupi likavulala limapanga timadzi totchedwa prostaglandin, timene timatupitsa malo ovulalawo, kuwatenthetsa ndi kuchititsa kuti mitsempha imve kuwawa. Katswiri wa ku London, John Vane, anaonetsa mu 1971 kuti aspirin ndi anzake amatseka njira yopangira timadziti, ndipo ntchito imeneyi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1982. Ibuprofen amachita chimodzimodzi. Vuto nlakuti sasankha. Amatseka prostaglandin wa pa dzino lowawa, amatsekanso wa m'chifu, wa mu impso ndi wa m'mitsempha ya magazi, kumene timadzi tomweti tili ndi ntchito zina zosunga moyo.

M'chifu muli asidi wamphamvu wogaya chakudya. Chomwe chimaletsa asidiyo kugaya chifu chenichenicho ndi kansalu konanda kokuta mkati mwake, ndipo kansaluko kamakonzedwa tsiku ndi tsiku molamulidwa ndi prostaglandin. Zili ngati pulasitala pa khoma la zidina: mukamukanganula, khoma silimagwa tsiku lomwelo, koma mvula iliyonse imadyako pang'ono. Mlungu umodzi, iwiri, mwezi wa bufeni wa tsiku ndi tsiku, chilonda chayamba. Chikafika pa mtsempha, magazi amayamba kuchucha. Chikabowola chifu, zam'mimba zimatayikira mkati, ndipo pamenepo ndi opaleshoni ya usiku womwewo kapena maliro.

Apa pali zinthu ziwiri zomwe ambiri sazidziwa. Choyamba, kumwa mankhwalawa mutadya nsima kapena phala nkwabwino ndithu, kumachepetsa nseru ndi kutentha pamtima, ndipo muzitero nthawi zonse pamodzi ndi kapu yodzadza ya madzi. Koma chakudya sichitseka ngozi ya zilonda, chifukwa mankhwala amafika ku chifu kudzera m'magazi, osati pongokhudza pokha. Nchifukwa chake jakisoni wa diclofenac, amene anthu ena amachita kumupempha poganiza kuti sadutsa m'mimba, amathanso kuyambitsa chilonda. Chachiwiri, chilonda choyambitsidwa ndi mankhwala opha ululu nthawi zambiri sichiwawa. Mankhwala omwe akuchikumbawo ndi omwenso akubisa kuwawa kwake. Munthu amangoona kuti akufooka, akuchita chizungulire akadzuka, manja ndi maso zayera, mtima ukugunda msanga akakwera kachitunda. Chizindikiro choyamba chooneka ndi maso chimakhala chimbudzi chakuda bii ngati phula, chomata, chonunkha mosiyana ndi masiku onse, kapena masanzi a magazi, kaya ofiira kaya akuda a timibulu. Mapiritsi owonjezera magazi aja nawo amadetsa chimbudzi, koma sichikhala chomata ndi chonunkha chotero. Mukakayika, kafunseni, musadziweruze nokha.

Agogo opitirira zaka 65 ndi amene ali pa ngozi yaikulu, komanso ndi amene timakonda kuwagulira mankhwalawa. Mwana wa m'tauni akapita kumudzi amanyamula shuga, sopo ndi bokosi la bufeni la mawondo a amayi ake. Amayiwo amamwa m'mawa uliwonse asanadye, popita kumunda, miyezi ndi miyezi. Cholinga nchabwino, koma mphatso yotereyi ilekeke. Atengereni kuchipatala akaone mawondowo, ayezedwe BP, ndipo funsani za mankhwala opaka, amene amalowa m'magazi pang'ono chabe poyerekeza ndi akumwa. Chimodzimodzi anthu a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo amene likodzo linawaumitsa chiwindi, kapena odwala hepatitis B: mitsempha ya kummero kwawo imatha kukhala yotupa kale, ndipo ibuprofen amachedwetsa kuundana kwa magazi. Akayamba kusanza magazi, kuwaletsa kwake nkovuta.

Mowa ndi bufeni siziyendera limodzi. Kachasu wapsereza kale chifu usiku, m'mawa munthu adzuka ndi matsire, m'mimba mulibe kanthu, thupi lauma, ameza awiri kuti akagwire ntchito. Wavulaza chifu ndi impso pa nthawi imodzi.

Za impso ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene nyengo ndi ntchito zathu zimatiika pa ngozi yoposa ya anthu a kumaiko ozizira kumene mankhwalawa anapangidwira. Munthu wa thanzi amene wamwa madzi okwanira, impso zake sizivutika ndi m'bulu umodzi kapena iwiri. Koma thupi likataya madzi, magazi opita ku impso amachepa, ndipo impso zimadziteteza popanga prostaglandin wotsegula mitsempha yake kuti kusefa kusaime. Mukamwa ibuprofen pa nthawi imeneyo mwatseka njira yokhayo yomwe zinatsala nayo. Impso zimatha kuima pa masiku ochepa chabe.

Ganizirani wodula nzimbe ku Nchalo mu October dzuwa likufika madigiri 40, wakabaza wopalasa matumba a makala kuyambira mbandakucha, mayi woswa miyala, wachinyamata woumba njerwa, wosewera mpira pa bwalo la fumbi masana. Onsewa thupi limaphwanya madzulo, ndipo ena anazolowera kumwa bufeni asanayambe ntchito kuti ululu usawapeze. Atuluka thukuta tsiku lonse, madzi amwa pang'ono, mkodzo wafiira. Kwa munthu wotere mankhwala oyamba ndi madzi ndi mpumulo, ndipo ngati ululu wakula, Panado. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador odula nzimbe ambiri achinyamata afa ndi matenda a impso, ndipo ofufuza amaloza kwambiri kutentha ndi kuuma kwa thupi, pamene mankhwala a mtundu uwu ali m'gulu la zinthu zomwe akuzikayikira kuti zimawonjezera vutolo. Kumwa mankhwala opha ululu musanagwire ntchito yolemetsa padzuwa, lekeranitu.

Wotsekula m'mimba ndi wosanza nayenso thupi lake lauma. Kolera ya mu 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inatiphunzitsa kuti madzi amatha msanga bwanji m'thupi. Wodwala wotere akadandaula kuti miyendo ikukokana kapena mutu ukuwawa, mpatseni Thanzi ORS ndipo thamangani naye kuchipatala. Bufeni ayi, ngakhale atachonderera. Tisaiwale kuti makina osefa magazi m'malo mwa impso ndi owerengeka m'dziko muno, ndipo odwala amayenda mitunda italiitali kukawapeza ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Impso si chiwalo choti nkuseweretsa pofuna kupulumutsa ganyu wa tsiku limodzi.

Abale amene muli pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, tcherani khutu. Ambiri mwa akumwa ma ARV lero ali pa m'bulu umodzi uja wa TLD, ndipo muli tenofovir, amene amatuluka m'thupi kudzera mu impso ndipo mwa anthu ena amazilemetsa. Kuwonjezerapo ibuprofen kapena diclofenac kwa masiku ambiri kumakulitsa ngozi yoti impso ziwonongeke. Ma ARV musasiye, ngakhale tsiku limodzi. Chosiya ndi bufeni wongodzigulira, ndipo ululu ukakhalitsa auzeni a ku kiliniki kwanu kuti akusankhireni choyenera. A BP, dziwani kuti ibuprofen amasunga mchere ndi madzi m'thupi, amakweza BP ndipo amafooketsa mankhwala anu. Choopsa kwambiri ndi kuphatikiza zitatu: mankhwala okodzetsa monga HCTZ kapena Lasix, mankhwala monga enalapril kapena losartan, ndi ibuprofen pamwamba pake. Chilichonse mwa zitatuzi chimachepetsa mphamvu yosefera ya impso mwa njira yakeyake, ndipo zikakumana mwa munthu wachikulire amene wadwalako m'mimba, impso zimagonja. A shuga nanunso, impso zanu zili kale pa ntchito yolemetsa, ndipo zimatha kukhala zitayamba kuwonongeka inu musakumva kanthu.

Amene mumamwa warfarin chifukwa cha mtima kapena magazi oundana m'mitsempha, ibuprofen ndi woletsedwa kwa inu. Amene muli pa prednisolone kapena dexamethasone, ngozi ya zilonda za m'mimba imakwera kwambiri mukaphatikiza. Amene mumamwa ka aspirin ka 75 mg koteteza mtima, ibuprofen amatha kukalepheretsa kugwira ntchito yake, uku akuwonjezera kuchucha kwa magazi m'mimba. Akumwa fluoxetine, lithium kapena methotrexate afunse kaye dokotala wawo. Njira yachidule ndi kunyamula kabuku ka kuchipatala popita ku famase ndi kumuonetsa wogulitsa musanalipire.

Mtima nawo sunasiyidwe. Mu 2015 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linalimbitsa chenjezo lake loti mankhwala a mtundu uwu, kupatula aspirin, amakweza ngozi ya kuima kwa mtima ndi sitiroko, ngakhale m'milungu yoyambirira. Chaka chomwecho bungwe la ku Ulaya la EMA linati ngoziyo ikuoneka pa mlingo wa 2,400 mg pa tsiku kupita m'mwamba, pamene pa 1,200 mg kutsika m'munsi sinaoneke. Malire aja sanangowalota. Amene anadwalapo sitiroko, amene mtima wawo unakula, amene miyendo imatupa ndipo amabanika akagona chagada, asamwe popanda chilolezo cha dokotala.

Kulakwitsa kumene kumachitika kwambiri ndi kusakaniza apachibale. Ibuprofen, diclofenac, Indocid, piroxicam, naproxen ndi aspirin ndi banja limodzi. Maonekedwe ndi osiyana, wina ndi kapisozi, wina ndi kam'bulu kachikasu, wina wapinki, koma m'thupi onse amatseka khomo limodzi. Munthu wa msana amati bufeni wakanika, awonjezera diclofenac, usiku ameza Indocid kuti agone. Ululu sutsika kuposa pamene unafika, koma chifu chalandira nkhonya zitatu. Indocid yekha ndi waukali kotero kuti ku Nigeria anthu amamuthira m'chakudya pophera makoswe, ndipo makoswewo amafa ndi zilonda za m'matumbo. Imwani mmodzi yekha wa banja limeneli pa nthawi. Samalaninso ndi mankhwala a chimfine ndi a mutu amene amakhala osakaniza kale: werengani mndandanda wa zomwe zili mkati, chifukwa ena ali ndi ibuprofen kapena aspirin wobisika. Ndipo timapaketi tosalembedwa tija, tomwe ogulitsa ena amati ndi "dozi ya thupi lonse" muli mibulu ya mitundumitundu, musatilandire ngakhale mwaulere.

Panado ndi wa banja lina, ndipo wamkulu akhoza kumwa Panado ndi ibuprofen tsiku limodzi ululu ukakula. Koma nayenso ali ndi malire ake: mibulu 2 ya 500 mg pa nthawi, kosapitirira kanayi pa maola 24, kutanthauza 4,000 mg. Kupyola apo amawononga chiwindi, ndipo wochepa thupi, wa chiwindi chodwala kapena womwa mowa kwambiri ayenera kumwa wocheperapo. Mutu umene umafuna mankhwala masiku 15 kapena kuposa pa mwezi nthawi zina umakhala ukuyambitsidwa ndi mankhwala omwewo. Umenewo ndi wokaonetsa, osati wowonjezera mibulu.

Amayi oyembekezera, ndi inu abambo amene mumatumidwa kukagula, mvetsetsani. Madzi amene mwana amakhalamo m'mimba, kuyambira pakati pa mimba, ambiri amakhala mkodzo wa mwana yemweyo. Ibuprofen amadutsa mu nsengwa nkufika ku impso za mwanayo, mkodzo uchepa, madzi aphwera, ndipo mapapo ndi miyendo yake zimakanika kukula bwino. Nchifukwa chake FDA inachenjeza mu 2020 kuti mankhwala a banja limeneli apewedwe kuyambira milungu 20 ya mimba. Kuyambira milungu 30 pali ngozi inanso: mwana wosabadwa ali ndi kamtsempha pafupi ndi mtima kamene kayenera kukhala kotseguka mpaka atabadwa, ndipo chimene chimakatsegula ndi prostaglandin yemwe uja. Kakatsekeka msanga, mtima ndi mapapo a mwana zimavutika. Popeza amayi ambiri sadziwa bwinobwino kuti mimba ili ndi milungu ingati, lamulo losavuta ndi ili: mukangodziwa kapena kukayikira kuti muli ndi pakati, bufeni mulekeni, imwani Panado, kanenani ku sikelo. Mutu waukulu pa mimba yaikulu, makamaka maso akuchita chidima kapena nkhope itatupa, ukhoza kukhala BP yoopsa ya amayi apakati, ndipo ndi wothamangira kuchipatala ola lomwelo. Aspirin wochepa amene anamwino amapatsa amayi ena dala kuti apewe vuto limeneli ndi nkhani ina, ameneyo pitirizani monga anakuuzani. Woyamwitsa akhoza kumwa ibuprofen pa mlingo wake, chifukwa wopita mu mkaka ndi wochepa zedi.

Kwa ana mlingo umatsata kulemera kwa thupi, osati kukula kwa kulira. Ndi 5 mpaka 10 mg pa kilogalamu iliyonse, maola 6 mpaka 8 aliwonse, osapitirira 30 mg pa kilogalamu tsiku lonse. Mwana wa makilogalamu 10 amwe 50 mpaka 100 mg pa nthawi, osapyola 300 mg pa tsiku. Mabotolo ambiri a mankhwala amadzi a ana amalembedwa 100 mg/5 ml, ndiye kwa mwana ameneyu ndi 2.5 ml mpaka 5 ml. Koma alipo mabotolo ena a 200 mg/5 ml, amphamvu kuwirikiza kawiri, choncho werengani botolo lililonse latsopano ngakhale likufanana ndi lakale. Yezerani ndi kasupuni kapena kasirinji kobwera ndi botololo. Masupuni a kukhitchini ndi osiyanasiyana kukula, ndipo kotsekera botolo si muyezo. Kulemera kwa mwana kuli m'kabuku kake ka sikelo. Kuthyola m'bulu wa 400 mg ndi mano nkumupatsa mwana kachidutswa ndi kungoyerekeza, ndipo kuyerekeza pa thupi la makilogalamu 8 nkoopsa. Khanda losakwana miyezi 3 kapena makilogalamu 5 lisapatsidwe konse, ndipo khanda lotere likatentha thupi malo ake ndi kuchipatala basi. Mwana wonyentchera, wokana kuyamwa, wosakodza, wa liwombo lolowa, nayenso ayi. Pa katsabola ibuprofen amakweza ngozi yoti zilonda zija zilowe tizilombo nkudya mnofu mkati, choncho perekani Panado yekha. Aspirin asaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka 16 pokhapokha dokotala atalamula. Ndipo m'nyumba mukhale munthu mmodzi wopereka mankhwala, chifukwa kawirikawiri mayi amapereka, agogo osadziwa aperekanso.

Bufeni sapha tizilombo ta malungo. Amangotsitsa kutentha, mwana aseka, ayamba kusewera, makolo mtima ukhala pansi, pamene tizilombo tikuswana m'magazi. Pofika tsiku lachitatu mwana akukomoka. Malungo aakulu paokha amawononga impso ndi kuchepetsa tizigawo ta magazi toletsa kukha, ndiye kuthirapo ibuprofen nkuwonjezera moto. Ndondomeko za WHO zochizira malungo za mu 2015 zinanena poyera kuti ibuprofen ndi aspirin sakulimbikitsidwanso potsitsa kutentha kwa malungo, woyenera ndi paracetamol, amene ndi Panado yemweyo. Kayezetseni kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala chapafupi, ndipo akapezeka malungo malizani LA yense, masiku atatu athunthu. Wolumidwa ndi njoka, monga mphiri, asapatsidwenso bufeni kapena aspirin, popeza ululu wa njoka zina umasokoneza kale kuundana kwa magazi. Odwala mphumu ena amabanika akangomwa mankhwala a banja limeneli. Ngati aspirin kapena bufeni anakubanikitsanipo, kukutupitsani milomo kapena kukutulutsani zidzolo, onse a banjali ndi oletsedwa kwa inu moyo wonse, ndipo zilembedwe m'kabuku kanu.

Kwa inu ogulitsa, ndikudziwa kuti kudera kumene chipatala chili kutali, okala yanu ndiyo imapulumutsa munthu wa dzino usiku. Nchifukwa chake udindo wanu ndi waukulu. Musachotse mibulu m'paketi yake. Mukamadula, muuzeni wogula dzina ndi mlingo, kaya mumulembere pa kapepala. Funsani mafunso atatu musanalandire ndalama: ndi za ndani, ali ndi pakati kapena akutsekula m'mimba, akumwa mankhwala ena ati? Munthu yemweyo akamabwera tsiku ndi tsiku, muuzeni zoona, apite kuchipatala. Sungani mankhwala pamthunzi, osati padzuwa la pa benchi ya msika. Diclofenac wa jakisoni, Indocid ndi piroxicam si katundu wa okala. Mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno amayenera kukhala ovomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, ndipo amene alibe dzina la wopanga, nambala ya gulu lake ndi tsiku lothera mphamvu ndi okanena kumeneko kapena ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu.

Lekani kumwa ndipo pitani kuchipatala lero lomwe, osadikira kuche, ngati mwaona chimbudzi chakuda ngati phula kapena cha magazi, masanzi a magazi, m'mimba mowawa kwambiri ndi mouma gwa, mkodzo wochepa kapena wosiyiratu, mapazi ndi nkhope zotupa, kubanika, kuwawa pachifuwa, pakamwa popotoka kapena dzanja lofooka mwadzidzidzi, maso achikasu, kapena khungu lotuluka matuza ndi zilonda mkamwa ndi m'maso. Mwana akapeza paketi nkudya mibulu, poti ina imakhala yokutidwa ndi shuga ndipo imatsekemera, musamusanzitse ndi madzi a mchere, sopo kapena chala kummero, ndipo musadikire kuti muone ngati adwale. Werengani mibulu yomwe yasowa, kumbukirani nthawi imene zachitika, tengani paketiyo, nyamukani. Mlingo wofika 100 mg pa kilogalamu, kutanthauza mibulu itatu yokha ya 400 mg kwa mwana wa makilogalamu 12, ndi wofunika kuonedwa ndi achipatala. Wamkulu amene wamwa yambiri dala chifukwa cha mavuto musamukalipire, musamusiye yekha, mperekezeni. Mukafika nenani zonse zomwe zamwedwa, za pa okala, za m'basi, za azitsamba ndi mowa womwe, chifukwa ndi zimene dokotala adzatsatire posankha magazi oyeza ndi mankhwala opereka.